Agogo akayamba kuiwala: chimene chili ukalamba ndi chimene chili matenda

Pamsonkhano wa m'mudzi ndikafunsa kuti ndani anayamba wafunafuna makiyi ali nawo m'thumba, manja amakwera ambiri, ndi a achinyamata omwe. Kuiwala n'kwa tonse. Kungoti munthu akamakula ubongo umachedwa, monga imachitira miyendo. Agogo amatchula adzukulu onse asanafike pa dzina la amene akumuitanayo. Amalowa m'nyumba n'kuima pakati, akudzifunsa chimene alowera. Dzina la mnzawo wa kutchalitchi limawathawa m'mawa, n'kubwera lokha madzulo akutong'ola chimanga. Chenji pamsika amawerenga kawiri. Zonsezi si matenda, ndipo musawaseke nazo. Agogo omwewo afunseni malire a munda, chibale cha m'mudzi kapena za njala ya 1949, muona kuti m'mutu muli zambiri. Miyambi, nyimbo, luso la manja ndi nzeru zoweruzira milandu sizitha msanga.

Chimene ndikufuna muzichiyang'anitsitsa ndi kuiwala kumene kukusokoneza ntchito zomwe munthu wakhala akugwira moyo wake wonse. Mayi amene waphika nsima zaka 50 ateleka poto, apanga phala, kenako angokhala chete ndi mthiko m'manja osadziwa chotsatira. Bambo asochera panjira ya kudimba kwawo. Angodya kumene, koma akudandaula kuti chikhalire sanapatsidwe chakudya. Mwana wawo akumuitana ndi dzina la mlongo wawo amene anamwalira kalekale, ndipo dzuwa likapendeka amanga kamtolo kuti "ndikupita kwathu", chonsecho ali pakhomo pawo. Zimenezi zikamachitika kwa miyezi, n'kumakulirakulira, achipatala amati ndi dementia. Mtundu wake wofala ndi matenda a Alzheimer, amene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza mu 1906. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi dementia, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Si matenda a azungu okha.

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa. Wodwala matendawa amadzuka usiku n'kutuluka, chifukwa ubongo wasiya kusiyanitsa usana ndi usiku. M'bandakucha amapezeka kuseri kwa nyumba ya eni kapena pafupi ndi manda, mwina chitenje chitagwa panjira. Anthu amasonkhana n'kuyamba kunena kuti ndege ya ufiti yagwa. Akafunsidwa mokalipa, amangovomera chilichonse chifukwa cha mantha ndi kusokonezeka, ndipo anthu amati waulula yekha. Abale anga, ameneyo ndi wodwala. Mufunditseni nsalu, mumupatse madzi, mufufuze kwawo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo tisaiwale okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu 2016 powaganizira ufiti. Mafumu, inu ndinu oyamba kufika pamalo otere. Mawu anu amapulumutsa moyo.

Kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi ndi nkhani ina. Ngati dzulo anali bwinobwino koma lero akubwebweta, musati ndi ukalamba. Malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kutsika kwa shuga kapena kuchepa kwa madzi m'thupi zimachititsa zimenezi, ndipo zimachizika. Kukamwa kukapotoka, mkono kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, lilime likalemera, imeneyo ingakhale sitiroko. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Ngakhale kuiwala kwa pang'onopang'ono kumafuna kuyezedwa, chifukwa nthawi zina gwero lake ndi HIV, chindoko, kachasu, kusowa kwa vitamini B12, mankhwala ena amene akumwa, kapena kukhumudwa kwakukulu pambuyo pa maliro. Ena sikuti akuiwala, koma sakumva bwino. Popita, tengani buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse, azitsamba omwe, ndipo awaperekeze munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, woti afotokoze pamene zinayambira. Ndinene mosabisa kuti matenda a Alzheimer alibe mankhwala ochiziratu, choncho musagulitse mbuzi chifukwa cha amene akulonjeza kuwachotsa.

Pakhomo, chithandizo chachikulu ndi kusasinthasintha. Ndodo, kapu ndi nsapato zizikhala pamalo amodzi. Chakudya ndi kusamba zizikhala pa nthawi yomweyo tsiku lililonse. Polankhula nawo bwerani kutsogolo, tchulani dzina lanu, nenani chinthu chimodzi, dikirani yankho. Mafunso a "mukundidziwa ine?" asiyeni, amangowachititsa manyazi. Akanena kuti mwawabera ndalama musakangane nawo; thandizanani kufunafuna, kawirikawiri zimapezeka pansi pa mphasa kapena pamfundo ya chitenje. Akafunsa za amuna awo amene anamwalira, kuwauzanso za imfayo tsiku lililonse n'kuwaliritsa maliro atsopano. Afunseni kuti anakumana kuti, muwasiye asimbe.

Musawalande ntchito zonse. Asankhe nyemba, aswe mtedza, aluke mphasa, aimbe nyimbo za kumvano. Koma moto, mankhwala a mbewu ndi a makoswe zikhale kutali, ndipo mapiritsi aziperekedwa ndi munthu mmodzi wodziwika. Anansi ndi a mfumu auzidwe za matendawa zinthu zisanavute. Wosamalirayo nayenso amatopa, makamaka usiku, ndiye abale gawanani masiku m'malo momusiyira mwana wamkazi mmodzi kapena mdzukulu wapasukulu.

Kwa inu a zaka za m'ma 40 ndi 50, ubongo wa muukalamba mukuusamala panopa. BP yokwera imawononga timitsempha ta muubongo mwakachetechete, choncho kayezetseni ngakhale musakumva kupweteka. Ikamafika 140/90 kapena kuposa, tsatirani malangizo a achipatala ndipo mankhwala musamasiye mukamva bwino. Yezetsaninso shuga. Fodya ndi kachasu zisiyeni, yendani, chezani ndi anzanu pabawo ndi kumpingo. Mchere usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo wa m'ndiwo, wa muusipa wouma ndi uja timawaza pambale.