Kuukitsa pikapu yakale ya Datsun 1200 kapena Nissan 1400 ndi kuitanitsa masipeya ake kunja

Pikapu yaing'ono ya Datsun 1200, yomwe inadzatchedwa Nissan 1400, inkapangidwa ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria kuyambira 1971 mpaka 2008, ndipo chifukwa cha zaka zambiri zimenezi masipeya ake akupezekabe ku South Africa mpaka lero. Mukaipeza itakhazikidwa pamiyala kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa, musaiderere. Komabe ntchito yoiukitsa imafuna ndondomeko, chifukwa ambiri amathamangira injini ndi penti, ndalama n'kuthera panjira galimoto isanayende.

Yambani ndi mapepala. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zalembedwa mu bulu buku, ndipo umwini usinthidwe ku ofesi ya Road Traffic musanagule ngakhale bawuti imodzi, pakuti galimoto yopanda mapepala, kaya ikongole bwanji, simudzayenda nayo pamsewu mwamtendere.

Kenako pamabwera dzimbiri, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Galimoto imeneyi ilibe chasisi chapadera ngati cha Hilux. Kabu ndi bodi yakumbuyo n'zolumikizana, ndipo thupi lomwelo ndilo limasenza katundu yense. Choncho dzimbiri likadya pansi poponda dalaivala, m'munsi mwa zitseko, pomwe pamangidwa masipuling'i akumbuyo kapena pamwamba pa mashoko akutsogolo, ndiye kuti mphamvu ya galimoto yatha, osati kukongola kokha. Chotsani mipando ndi mphira wapansi, lowani kunsi ndi tochi, ndipo muzibaya malo okayikitsa ndi sikuludiraiva. Tengani maginito aang'ono muwayendetse pa chitsulo cha bodi chozungulira matayala ndi m'makona a bodi: pomwe sakugwira, dziwani kuti wina anamata fila n'kupaka penti pamwamba pa chibowo. Malo owola adulidwe mpaka pomwe pali chitsulo choyera, kenako awotcherere chitsulo chatsopano pang'onopang'ono kuti kutentha kusapinde bodi. Kumata fila pa dzimbiri n'kutaya ndalama, chifukwa mvula ikagwa dzinja limodzi penti imayamba kutukusira.

Thupi likalimba, konzani mabuleki ndi chiwongolero. Mapaipi amphira a mabuleki, masilinda, mabushi ndi matayala onse okalamba asinthidwe osanyinyirika, ngakhale akuoneka abwino.

Injini yomwe yakhala zaka osalira musaikakamize ndi sitata. Masulani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, dikirani masiku angapo, kenako muizungulitse ndi sipanala pa pule yakutsogolo. Petulo wakale atayidwe, thanki itsukidwe, kabuleta imasulidwe ndi kuyeretsedwa, ndipo mawaya a mapulagi abwerere motsata dongosolo la 1-3-4-2. Ikazungulira, makaniko ayeze mphamvu ya silinda iliyonse. Zotsatira zake ndizo zikuuzeni ngati injini ikufunika kuitsegula kapena ayi.

Tsopano nkhani ya masipeya. Datsun 1200 ili ndi injini ya A12, pomwe 1400, yomwe inayamba mu 1980, ili ndi A14. Zimafanana kunja koma m'kati zimasiyana: silinda ya A12 ndi yotambalala mamilimita 73, ya A14 ndi 76. Pa zaka zonsezi eni ake akale angakhale atasintha injini, giyabokosi kapena mabuleki, ndiponso zoyamba zinali ndi magiya anayi pomwe zapambuyo zinali ndi asanu. N'chifukwa chake simuyenera kuitanitsa chinthu pongotchula dzina la galimoto ndi chaka chake. Werengani chomwe chadindidwa pa injini, jambulani sipeya yakaleyo mutaika tepi yoyezera pambali pake, ndipo tumizani zithunzizo kwa wogulitsa pamodzi ndi nambala ya sipeyayo ngati ikuoneka. Mapisitoni ndi maring'i musaitanitse mpaka wokonza injini atayeza masilinda, chifukwa akafunika kuwakulitsa, mapisitoni a muyezo wakale adzakhala opanda ntchito.

Musanayang'ane kunja, yendani kaye ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Biwi mutanyamula sipeya yakale m'manja. Mapulagi, malamba, mabering'i ndi sefa ya oyilo zimapezeka konkuno, ndipo palibe nzeru kuthera ndalama zakunja, zomwe n'zosowa kale, pa zinthu zoterezi. Zofunika kuitanitsa ndi monga mphira wa magalasi ndi zitseko, nyali, gilili, mabampala ndi zam'kati mwa injini. Zambiri mwa izi gwero lake ndi Johannesburg ndi Pretoria, m'masitolo a masipeya ndi m'malo ophwasulira galimoto zakale. Ku Japan pikapuyi inkatchedwa Sunny Truck ndipo inasiya kupangidwa mu 1994. Zinthu za kumeneko n'zokwera mtengo, choncho zisiyireni zokhazo zomwe zasowa kwina konse.

Lembani zonse zofunika pa mndandanda umodzi kuti zibwere ulendo umodzi, chifukwa kutumiza kachinthu kamodzikamodzi kumachulukitsa mtengo wa mayendedwe. Ngati muli ndi wachibale ku Joni, m'pempheni akaone katunduyo ndi maso ake musanalipire, makamaka ngati wogulitsayo mwangom'peza pa Facebook. Katundu wochokera kumeneko amadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete n'kudzalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ulendo wautali womwe galasi lakutsogolo silingapirire ngati silinaikidwe m'bokosi lamatabwa.

Pachipata, a MRA amafuna risiti yeniyeni yosonyeza dzina ndi mtengo wa chinthu chilichonse, ndipo ndi bwino kufunsiratu kwa iwo kapena kwa wothandiza kuombola katundu kuti msonkho ndi VAT zidzakhala zingati. Dziwaninso kuti kuchepetsa msonkho kwa mgwirizano wa SADC kumakhudza katundu wopangidwa m'maiko a m'chigawochi yemwe ali ndi chikalata chotsimikizira komwe wapangidwa, osati sipeya ya ku Asia yongogulitsidwa ku South Africa. Mukagula injini yathunthu, risiti ikhale ndi nambala yake, kuti a Road Traffic adzathe kuilemba m'mapepala a galimotoyo.

Penti ibwere pomalizira, galimoto itayenda kale milungu ingapo ndipo zodontha zonse zitatsekedwa. Mawaya a magetsi, nyali, hutala ndi mawaipa zikonzedwe musanapite nayo kokayezetsa COF, chikalata chotsimikizira kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo inshuwalansi mudule isanatuluke pa geti.