Momwe mungapangire mitundu ya anthu mu gemu yanu ya nthano osakopera ma elf

Amene mumasewera ma RPG kuno ku Zomba, kaya mumakumana ku Chanco kaya pakhonde ku Matawale kapena pa gulu la WhatsApp, mukudziwa kuti gemu imakoma dziko lake likakhala ndi anthu omveka bwino. Kwa amene simunasewerepo, RPG ndi gemu yomwe anthu angapo amakhala pamodzi aliyense nkutenga munthu wake wa m'nthano, mmodzi amakhala GM woyendetsa nkhani, dayisi ndi amene amagamula ngati zomwe wayesazo zatheka. Gemu yotchuka ya mtunduwu, Dungeons & Dragons, inatuluka mu 1974 ku America, anaipanga ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo ma elf (anthu a makutu osongoka) ndi ma dwarf (anthu aafupi okhala m'mapanga) ali mmenemo mizu yawo ndi nthano zakale za kumpoto kwa Ulaya. Eni ake anatola za kwawo. Nafe za kwathu zilipo zambiri, ndiye tengani kope ndi bolopeni tiyambe.

Choyamba, yambani ndi malo, makutu osongoka asiyeni kaye

Ambiri amathamangira maonekedwe, khungu lobiriwira, mapiko, nyanga. Zimenezo zidikire. Funso loyamba ndi lakuti anthuwa akukhala pati, akudya chani, nanga chimawasowetsa tulo nchani.

Taonani nyanja ya Chilwa. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imaphwa, inaphwa mu 1968, mu 1995 komanso mu 2018. Asodzi amamanga zimbowera pamwamba pa madzi nkumakhala konko akusaka matemba. Tsopano ganizani mtundu wa m'nthano wokhala pa nyanja yotere, tiwatche Anjedza. Munthu wodziwa kuti nyanja yake tsiku lina idzauma samanga nyumba ya njerwa, chuma chake ndi bwato ndi ukonde, ndipo wolemekezeka kwambiri pamudzi si wankhondo ayi koma agogo amene anaona kuphwa kwapitako ndipo akukumbukira njira yomwe anthu anadzera pothawa chilala. Ana awo amaphunzira njirazo ngati nyimbo. Zaka samawerenga ngati ife, amati anabadwa madzi atabwerera kachiwiri. Mwaonatu, sitinanene nkomwe ngati ali ndi zala zolumikizana ngati za bakha koma mtundu waoneka kale. Maonekedwewo mubwere nawo pambuyo, atuluke m'moyo umenewu.

Chachiwiri, alembereni chiyambi, koma chikhale paŵiri

Mtundu uliwonse umafotokoza komwe unachokera. Achewa ali ndi Kaphirintiwa, pomwe anthu oyamba ndi nyama anatsika nkusiya mapazi pathanthwe lisanaume, kenako munthu atapeka moto tchire linapsa nyama nkuthawira kutali. Alhomwe amaloza phiri la Namuli ku Mozambique. Angoni a Zwangendaba amakumbukira kuwoloka Zambezi mu 1835 tsiku lomwe kadamsana anaphimba dzuwa. Nkhani zoterezi zimakhala ndi malo enieni oti munthu nkuwaloza ndi chala, ndiye yanunso ikhale ndi thanthwe, dziwe kapena mtengo womwe osewera angakafikepo.

Ndiye lembani ziwiri: yomwe eni ake amanena, ndi yomwe oyandikana nawo amanena. Anjedza azinena kuti anatuluka m'matope nyanja itaphwa koyamba, a kuphiri azinena kuti amenewo ndi akuba madzi omwe anathamangitsidwa kumtunda. Inu a GM musagamule msanga yoona ndi iti. Osewera akakumana ndi nkhani ziwiri zotsutsana amayamba kufunsa okha mafunso, gemu imayenda yokha.

Ngati mukufuna anthu a kuphiri, phiri tili nalo pamwamba pathu pomwepa, lili ndi dzenje la Chingwe, lili ndi nkhani ya Napolo yemwe anthu amati ndiye anagumula phiri ndi kusefukiza madzi mu 1946. Mtundu wokhala m'mapanga womwe ntchito yawo ndi kumvetsera pansi ngati chinjoka chikutembenuka, ameneyo dwarf sangafanane naye.

Chachitatu, ukwati, maliro ndi cholowa

Apa mpamene pali chikhalidwe chenicheni ndipo mpamene ambiri amadumpha. Yankhani izi m'kope: mwamuna akakwatira amakakhala kwa mkazi ngati chikamwini kapena amapereka lobola nkumutenga? Ana ndi a kuchimuna kapena mwini mbumba ndi malume? Mfumu ikafa amalowa ndani? Akufa amawaika pati, poti Anjedza alibe nthaka youma chaka chonse? Funso lomalizali lokha likhoza kukupatsani nkhondo, chifukwa ngati manda awo ali pachilumba ndipo wina walanda chilumbacho, sangakhale chete.

Onjezani choletsa chimodzi kapena ziwiri, chakudya chomwe sadya, mawu omwe satchula usiku, ndi chilango chake. Musachulutse, osewera sangakumbukire khumi.

Mayina musavutike nawo. Apatseni ziwongo zitatu kapena zinayi monga tilili ndi a Phiri, a Banda, a Mwale, ndi moni wawo, basi.

Chachinayi, samalani ndi anthu enieni

Ichi ndimachinena mwamphamvu. Musatenge Ayao, Alhomwe, Angoni kapena Amang'anja nkuwaveka nyanga nkumati ndi mtundu wa mu gemu, patebulo panu pakhala anthu a mitundu imeneyi ndipo zimapweteka. Tolani kachidutswa uku kachidutswa uko nkusakaniza mpaka pasakhale woti awa ndi akuti. Nkhani za Akafula, aja amati Amwandionerapati, zimakopa kwambiri, koma kumbukirani kuti kumbuyo kwake kuli anthu enieni omwe anakhala m'dziko muno kale, ena mwa zojambula za pa miyala ya Chongoni ku Dedza ndi zawo. Za kudambwe ndi za kusimba zisiyeni, eni ake sanazipereke kuti tizisewerera dayisi.

Komanso pasakhale mtundu woti onse ndi oipa chibadwire. Mudzi uliwonse uli ndi wofatsa, wakuba, wamantha ndi wokonda ndewu. Mukafuna adani apatseni chifukwa: madzi, msonkho wa padoko, ukwati womwe unatha moipa, ngongole ya agogo awo.

Chachisanu, manambala kenako kuyesa

Pomaliza ndiye mulembe za pa pepala la wosewera, pomwe pamalembedwa zomwe munthu wake angathe ndi zomwe sangathe. Luso liwiri ndi chofooka chimodzi zakwana, ndipo zichokere m'zomwe mwalemba kale zija. Mnjedza azitha kupalasa bwato mumdima ndi kudziwa nyengo poona mbalame, koma akakwera phiri azitopa msanga. Onetsetsani kuti palibe mtundu woposa anzake pa chilichonse, apo ayi aliyense asankha womwewo.

Zonse za mtundu umodzi zikwane tsamba limodzi loti mnzanu awerenge pa foni asanafike. Yambani ndi mitundu itatu yokha, sewerani madzulo amodzi, ndipo wosewera akafunsa chinthu chomwe simunaganizire, monga Anjedza amaphika bwanji pamadzi, mubwezereni funsolo ayankhe yekha poti munthuyo ndi wake, inu mungolemba yankholo m'kope kuti sabata yamawa lisasinthe.