Kalulu woyamwitsa akadya mosakwanira, tiana timapinimbira

Kwa masabata atatu oyamba, tiana ta kalulu sitidya kanthu kena koma mkaka, ndipo make amatiyamwitsa kamodzi kokha pa tsiku, kwa mphindi zochepa. Choncho mukaona tiana tokwinyika khungu, timimba tili pepuu m'mawa, musafunefune mankhwala. Yang'anani m'mbale ya make.

Bere la kalulu limatenga masiku pafupifupi 31. Nthawi imeneyi musamunenepetse: wamkazi wonenepa kwambiri amavutika poswa, ndipo kutenga bere lina kumavuta. Magalamu 100 mpaka 150 a chakudya chosakaniza (madeya ndi soya) pa tsiku, kuphatikizapo masamba, ndi okwanira.

Akaswa, onjezerani pang'onopang'ono m'sabata yoyamba mpaka magalamu 200 kapena 250, chifukwa mkaka umachuluka kwambiri m'sabata yachitatu. Apa ndi pamene alimi ambiri amalakwitsa. Amapereka madeya okha poganiza kuti kalulu wakhuta, koma madeya ali ndi zomanga thupi zochepa. Make amawonda, mkaka umachepa, tiana tofooka timafa. Sakanizani mbale zitatu za madeya ndi mbale imodzi ya soya wokazinga n'kugaya, ndi kamchere kotsina ndi zala. Soya wosakazinga ayi, sagayika bwino m'mimba. Madeya a chuku tayani, ngakhale zikupwetekeni mtima.

Masamba asasowe usana ndi usiku: kholowa, chisoso, bonongwe, masangwe a mtedza, masamba a mabulosi ndi nsenjere. Muwayanike pamthunzi afote kaye, popeza onyowa ndi mame kapena mvula amatsegula m'mimba. Lukina mupereke pang'ono, akachuluka amathothola ubweya. Masamba a mbatatesi ndi a tomato asalowe m'khola.

Madzi nawo. Pali chikhulupiriro chakuti kalulu samwa madzi; nchabodza. Woyamwitsa amatha lita imodzi pa tsiku, nthawi yotentha ya Okutobala kuposa apo, ndipo akasowa madzi poswa amatha kudya tiana take.

Pofika masiku 18 mpaka 21 tiana timatuluka m'chisa n'kuyamba kulawa zomwe make akudya. Musasinthe chakudya mwadzidzidzi sabata imeneyi, matumbo a tiana ndi anthete. Tisiyitseni kuyamwa pakatha masabata 6. Ngati taswedwa toposa 8, tina tipatseni wamkazi wina amene waswa masiku omwewo, pasanathe masiku atatu.