Musanakapereke kalata ya ntchito ku esiteti, ioneninso kaye Chizungu chake

Mvula ikayamba tsamba la tiyi limachuluka m'minda ya kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, ma esiteti amafuna anthu, ndiye nthawi imeneyi achinyamata ambiri amandipeza ndi makalata ofunsira ntchito kuti ndiwaonere, wina akufuna ukalaliki wa pa sikelo, wina ku fakitale, wina ulonda. Zolakwika zake ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka, nde ndati ndilembe pano kuti muzikonza nokha kalata isanafike ku ofesi.

Abale anga, zambiri mwa zolakwikazi sikuti ndi umbuli ayi, zimachokera ku Chichewa chathu chomwechi, munthu amaganiza m'Chichewa kenako nkumangoika mawu a Chizungu pamwamba.

Tiyambe ndi l ndi r chifukwa apa mpamene ambiri amagwera. Kwa ife zilembo ziwirizi mkamwa zimamveka chimodzimodzi, polemba timangoika r pambuyo pa i kapena e monga mu mbiri ndi bwera, kwinako timaika l, ndipo olo mutasinthanitsa aliyense akumvani. Ku Chizungu sizitero, mukasintha chilembo mwasintha nkhani yonse. Mtsikana wina wa cha ku Bvumbwe, wanzeru bwino, masamu amawatha, analemba kuti "I can correct and weigh green leaf" pomwe amafuna kunena collect, kusonkhanitsa tsamba. Correct ndi kukonza cholakwika. Ndinamuuza awerenge mokweza kawiri koma sanaone vuto, mpaka ndinalemba mawu awiriwo moyandikana pa pepala nkumuuza aloze ndi chala chilembo chimodzichimodzi, mpamene anagwira pakamwa. Chimodzimodzi glass ndi grass, pray ndi play, load ndi road. Ndipo musadalire foni kuti ikukonzerani, siingaone cholakwika chifukwa onsewo ndi mawu enieni a Chizungu. Lembani mawu oterewa awiriawiri kumapeto kwa kope lanu, tanthauzo lake pambali, muziwaona pafupipafupi.

China ndi he ndi she. Ife timangoti iye, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, nde mupeza munthu akulemba za aphunzitsi ake aakazi oti amuchitire umboni koma walemba "he taught me". Mukamaliza kalata bwererani pa he ndi she aliyense, dzifunseni kuti ameneyu ndi ndani.

Kubwereka nakonso kumasokoneza. "Borrow me K5,000" ndi Chichewa chovala jekete la Chizungu, wolandira ndi amene amachita borrow, wopereka amachita lend, nde muziti "lend me". Pa did kapena didn't mneni wotsatira asakhalenso wa kale, "I didn't go" osati "I didn't went". Mawu ngati equipment, information, advice, furniture salandira s olo zinthuzo zichuluke bwanji. Discuss safuna about pambuyo pake.

Koma chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi kalembedwe ka pa WhatsApp kolowa m'kalata ya ntchito. Munthu kuyamba kuti "Am writing to apply", I uja wamusiya kuti? Kenako u, plz, coz, dzina lake lomwe kuliyamba ndi chilembo chaching'ono, ndime yonse yopanda mpumiro ndi umodzi womwe. Kucheza ndi anzanu lembani mmene mukufunira palibe vuto, koma dzanja limazolowera, ndipo ana a Fomu 4 dziwani kuti dzanja lomwelo ndi limene mukalembere mayeso a MANEB, pomwe satifiketi ya MSCE siituluka ngati Chingerezi mwalephera. Wolemba ntchito naye amakhala ndi mulu wa makalata patebulo, amasankha ngati mmene kalaliki amaonera tsamba pa sikelo, akaona lokhwima lambiri mmalo mwa masamba awiri ndi kansonga sachedwa kulikankhira pambali.

Nde chitani chonchi. Lembani kaye pa pepala lapadera, musathamangire pepala labwino. Ziganizo zikhale zazifupi, chimodzi nkhani imodzi, mawu akuluakulu amene simukuwadziwa bwino asiyeni. Kalatayo igone, mmawa muiwerenge mokweza chala chili pa mzere, ulendo woyamba mukusaka l ndi r basi, wachiwiri he ndi she, wachitatu zilembo zazikulu ndi mipumiro. Mukayamba ndi "Dear Sir/Madam" mutsirize ndi "Yours faithfully", mukatchula dzina la munthu ndi "Yours sincerely". Kenako pitani nayo kwa aphunzitsi a Chingerezi amene muli nawo pafupi, apempheni mwaulemu, ambiri sakana, ndipo musamangolandira pepala lokonzedwa, afunseni chifukwa chake asintha.

Kwa amene muli ndi nthawi ntchito isanalengezedwe, pezani nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times olo yakale, ija amakulungira zinthu pa msika wa Luchenza kapena ku Limbuli imakwana, tsiku lililonse koperani ndime imodzi ndi dzanja m'kope, mukamaliza yerekezani ndi ya mu nyuzimo chilembo ndi chilembo, pomwe mwaphonya zungulizani ndi bolopeni yofiira nkulembanso mzere umenewo.