Mpopi wa pa sinki ukayamba kudontha, osaumanga ndi mphira

M'makomo ambiri amene ndimayendamo ndimapeza mpopi wa kukhitchini utakulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, pansi pake atatchera kapoto. Eni nyumba amati akudikira pulambala. Mwezi umatha, wina n'kubwera, madzi ali tho! tho! usiku ndi usana.

Mpopi umene ukugwetsa dontho limodzi pa sekondi iliyonse umataya madzi oposa malita 20 pa tsiku, ndiye kuti chidebe chathunthu. Mita imawerenga madzi onsewo. Kaya muli pansi pa Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena mabodi a m'zigawo, chilichonse chowonongeka kuchokera pa mita kulowa m'nyumba ndi chanu, ndipo bilu yake mulipira ndinu. Chonsecho nthawi zambiri cholakwika ndi kalabala kakang'ono, kamene amisiri amati washala.

Choyamba onani pamene madzi akutulukira. Ngati akudontha kukamwa kwa mpopi mutatseka, washala yatha. Ngati akutuluka pansi pa chogwirira mukatsegula, vuto ndi kamphete ka labala kozungulira chitsulo chapakati. Akamanyowa pansi pa sinki, yang'anani polumikizira mapaipi.

Pezani sipanala yosinthika kukula, sikuludalaivala, kansalu ndi washala yatsopano. Mipopi yambiri ya pa sinki ndi ya theka la inchi, koma ndi bwino kunyamula washala yakaleyo popita ku hadiweya kuti mukayerekeze.

Musanagwire sipanala, tsekani madzi. Nyumba zina zili ndi kavalavu pansi pa sinki. Kopanda zimenezi pitani pa mita mukatseke valavu ya mbali ya kunyumba. Amene muli ndi thanki pamwamba tsekaninso valavu yake, chifukwa madzi a m'thankimo abwerabe ngakhale mutatseka pa mita. Ukakhala mpopi wa madzi otentha, zimitsaninso giza. Chonde musanene kuti "lero madzi asiya, ndikonzeretu" n'kumasula osatseka valavu. Madzi abwera osakuuzani, mpopi uli pamtunda, khitchini yonse idzasanduka dambo. Mukatseka, tsegulani mpopiwo kuti otsalira m'paipi atuluke, kenako tsekani dzenje la sinki ndi kansalu. Kasikuluwu kakagwera m'menemo ntchito yaima.

Pamwamba pa chogwirira pamakhala kachivundikiro, kawirikawiri kofiira kapena kabuluu. Katong'oleni, mupeza sikuluwu. Masulani, n'kuzula chogwiriracho. Tsopano muona mutu wa mkuwa wokhala ndi nati. Ikani sipanala pa natiyo, dzanja linalo ligwire thupi la mpopi mwamphamvu, ndipo potokolerani kumanzere. Mukapanda kugwira, mpopi wonse uzungulira n'kuthyola cholumikizira cha pansi, vuto laling'ono n'kubala lalikulu. Ikakanirira chifukwa cha zoyerayera zouma zimene madzi amasiya pa chitsulo, kulungani kansalu konyowetsa ndi viniga, mudikire kanthawi.

Mutuwo ukatuluka, kunsi kwake kuli washala ija. Muipeza yaphwatalala, yang'ambika kapena yauma gwa. Ichotseni, ikani yatsopano. Ena amadula patapata wakale n'kupanga washala. Pa ngozi zimathandiza masiku angapo, koma pa madzi otentha sizichedwa kuphwanyika.

Musafulumire kubwezera. Lowetsani chala m'thupi la mpopi mukhudze pamene washala imakhala. Pakhale posalala. Pakakhala mchenga pukutani, koma mukamva kamng'alu kapena pokumbika, dziwani kuti washala yatsopanoyo siikhalitsa. Pamenepo pamafunika chida chopalira chimene mapulambala amakhala nacho, apo ayi kugula mpopi wina. Kukumbikaku kumabwera kwambiri ndi chizolowezi chomanga mpopi ndi mphamvu zonse ukayamba kudontha. Tsiku limenelo umasiyadi, koma mukuphwanya labala n'kumadya chitsulo.

Mipopi ya makono ija yongokhotetsa pang'ono n'kutseguka ilibe washala yotere. M'kati mwake muli timbale tiwiri ta seramiki, ndipo mdani wake ndi mchenga umene umabwera madzi akangobwerera atasiya. Ikayamba kudontha mumasintha katiriji yense, ndiye kuti mutu wonse wokhala ndi timbaleto. Munyamule wakaleyo pokagula, chifukwa amasiyana kutalika ndi mano ake, ndiponso wa madzi otentha ndi wa ozizira nthawi zina amazungulira mosiyana.

Bwezerani zonse monga munazichotsera, nati mumange pang'ono chabe kupitirira pamene yagwira. Siyani mpopi uli wotsegula, tsegulani valavu pang'onopang'ono kuti mpweya ndi zinyalala zituluke, kenako tsekani ndi zala ziwiri. Mukatero tsekani mipopi yonse ya pakhomo, mupite pa mita. Ikamayendabe, pali pena pamene pakutayika madzi, ndipo poyambira kuyang'ana ndi m'thanki ya chimbudzi.