Mukasochera ndi galimoto m'misewu ya kumudzi, chitani izi

Tinapangana anthu anayi kuti Loweruka tipalase njinga kuchoka mutauni ya Zomba mpaka ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, koma mvula inagwa usiku onse mpaka m'mawa ndiye pulogalamu ya njinga inafera pompo. Poti tinali titadzuka kale, kamba tamanga, mnzathu wina anati tiyeni tingokwera galimoto tizipita cha ku Jali tikaone dziko. Pa tara zonse zinali bwinobwino. Zinavuta titasiya tara nkulowa kamsewu kadothi koti tidulire kunyanja, pofika 3 koloko tinali pakati pa minda ya mpunga, kutsogolo madzi, kumbuyo mphambano zitatu zofanana ndipo aliyense mgalimotomo amaloza kwake. Tinatulukamo bwino, ndipo zomwe zinatithandiza ndi zimenezi.

Choyamba imani. Mukangoona kuti msewu wayamba kuchepa, udzu wamera pakati, matayala a galimoto zina sakuonekanso koma a njinga ndi ngolo basi, musati tiyeni tione kutsogoloku. Imikani pamalo ouma, zimitsani injini, onani mafuta atsala bwanji ndi nthawi. Kuno dzuwa silichedwa kulowa, ikamakwana 6 koloko kwada, miyezi ya June ndi July kumada msanga kuposa pamenepo, ndiye werengerani kuti mwatsala ndi maola angati a kuwala. Kukangana kuti analakwitsa ndani kusiyeni kaye, muzakambirana kunyumba.

Foni ithandiza koma osaikhulupirira yonse. Google Maps imaonetsa tinjira tambiri ngati misewu pomwe ndi njira za njinga, komanso siidziwa kuti mlatho ulipo kapena unapita. Namondwe Freddy wa mu March 2023 anakokolola milatho ndi misewu yambiri ku Phalombe, Mulanje ndi Chiradzulu, pamapu mzere umaoneka wathunthu koma mukafika mupeza chigwembe. Chomwe foni imachita bwino ndi kadontho kabuluu kosonyeza pomwe muli, kamagwira ngakhale netiweki palibe bola mapu a dera limenelo munawasunga mufoni muli kutauni. Batire isungeni, foni imodzi ikhale ya mapu zinazo zipume. Ndipo mukaona foni yayamba kukoka netiweki ya ku Mozambique dziwani kuti mwayandikira malire.

Kenako kwezani maso muone mapiri. Pachigwa cha pakati pa Zomba ndi Phalombe phiri la Mulanje limakhala kum'mwera, la Zomba kuzambwe, nyanja ya Chilwa chakuvuma. Ukapenya phiri la Zomba ndiye kuti ukulowera kutauni, sungadziwe msewu weniweni koma sungapitenso mbali yolakwika.

Koma mapu enieni ndi anthu, ndipo apa mpomwe ambiri timalakwitsa. Osangotsitsa windo nkukuwa kuti ku Jali nkuti, injini ikulira. Tsikani m'modzi kapena awiri, perekani moni wabwino, mwaswera bwanji bambo, mwaswera bwanji mayi, nenani komwe mwachokera ndi komwe mukupita kenako funsani. Munthu amene mwampatsa ulemu amakuuzani ndi zomwe simunafunse zomwe, monga kuti njira iyi njachidule koma pamtsinje simudutsa lero.

Abwino kwambiri kuwafunsa ndi akabaza, anjinga zamoto makamaka, chifukwa msewu umenewo audutsa lero lomwe. Mafunso ake akhale olunjika. Musafunse kuti ndi kutali, ayankha kuti mpafupi pompa chifukwa iwo anazolowera. Funsani kuti pa njinga yamoto mumalipiritsa zingati kukafika pa tara, mtengowo ndi umene ukuuzeni mtunda. Funsani kuti galimoto yaing'ono ngati iyi yadutsako lero? Osati galimoto chabe, poti lole ya mpunga imadutsa pomwe kagalimoto kotsika kangatsale. Funsani maina a malo amene mudutse, sukulu, tchalitchi, mzikiti, chigayo, msika, ndipo wina alembe mufoni motsatana. Mukafika pamphambano yotsatira funsaninso munthu wina, awiri akanena zofanana ndiye pitani. Ife pamapeto pake tinangogwirizana ndi mnyamata wa njinga yamoto kuti atsogole ife tizimutsata mpaka pa tara, tinamulipira mtengo wa ulendo wake wopita ndi wobwerera, ndalama imeneyo sindinaidandaule ngakhale pang'ono. Mtengo gwirizanani musananyamuke.

Za madzi ndi matope ndinene mosabisa: bwererani. Dothi la makande la kuchigwa cha Chilwa likanyowa limaterera ngati sopo komanso limamata matayala. Madzi odutsa pamsewu amene simukuona pansi pake musalowemo, wina atsike ayeze ndi ndodo, ngati madziwo akuthamanga kapena afika m'mawondo iyayi. Mukatitimira osapondereza moto, mungokumba dzenje. Tsitsani anthu, ikani nthambi kapena miyala pansi pa matayala, yesani pang'onopang'ono chammbuyo, ndipo anyamata akabwera kuzakankha muwathokoze ndi kangachepe.

Kukakudererani musamazungulire m'midzi usiku magetsi ali ngwee. Ambiri tikukumbuka mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena oyandikana nawo, pomwe anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokayikiridwa. Galimoto yachilendo yoyendayenda usiku imadzetsa mantha. Pitani pa malo odziwika, pasukulu, pachipatala, pa polisi yuniti, kapena pemphani munthu akuperekezeni kwa amfumu mukadzionetse nkufotokoza kuti mwasochera. Mukapeza netiweki tumizani lokeshoni pa WhatsApp kwa wachibale.

Ulendo wina pulogalamu ikasintha mwadzidzidzi chonchi, tengani mphindi khumi musananyamuke. Thirani mafuta mutauni chifukwa kumudzi mukapeza a m'zigubu okwera mtengo ndipo simudziwa kuti asakaniza chani, onani sipeya ngati ili ndi mpweya, jeke ndi sipanala zilimo, tengani madzi akumwa, chaja ya mgalimoto, ndi ndalama zapamanja zing'onozing'ono poti komwe kulibe netiweki Airtel Money ndi Mpamba sizigwira.