Mphindi 20 Patsiku: Kukhazikitsa Nthawi Yocheza ndi Mulungu

Alipo Akhristu ambiri amene kutchalitchi sajomba, chakhumi amapereka, kumvano kapena kumphakati amapezekako, komabe mumtima amamva kuti Mulungu ali patali. Amamudziwa ngati mmene anthu amadziwira mfumu yaikulu ya m'dera lawo: dzina ndi mbiri yake basi, osakhalapo nayo pamphasa imodzi. Ludzu limeneli si chizindikiro choti mwagwa. Ndi lomwe lija la mu Masalimo 42 ndi 63. Mapemphero a usiku wonse kapena kukwera phiri la Bunda zimatsitsimutsa ndithu, koma sizingalowe m'malo mwa kukumana naye pang'ono tsiku ndi tsiku.

Yambani ndi nthawi. Sankhani imodzi, muyimangirire ku chinthu chimene mumachita kale, monga mukangosamba m'maso, musanakoleze mbaula. Mbandakucha ndi wabwino chifukwa pakhomo pamakhala pali zii, ndipo Yesu mwini ankatero (Marko 1:35). Koma mlonda, namwino wogwira usiku kapena mayi wa khanda asadzikakamize. Masana ana akapita kusukulu ndi bwinonso. Malo akhale omwewo tsiku lililonse. Ngati nyumba ndi ya chipinda chimodzi, pakhonde kapena kuseri pansi pa mtengo pakwana. Madzulo ikanitu pamalopo Baibulo, kope, cholembera ndi tochi. Ngati mumawerengera pafoni, zimitsani data musanagone, apo ayi uthenga umodzi wa pa WhatsApp udzakudyerani nthawi yonse.

Mphindi 20 zija muzigawe motere: 2 zokhala chete, 8 zowerenga, 3 zolemba, 7 zopemphera. Musayambe ndi ola lathunthu. Ambiri amene amatero safika nalo Lamlungu lachiwiri.

Pa kuwerenga ndi pamene pamagona nkhani. Kutsegula Baibulo paliponse n'kuloza vesi ndi chala kumakupatsani mawu opanda mutu wake. Kuyambira ku Genesis ndi cholinga chomaliza buku lonse nakonso kumathera ku Levitiko. Tengani Marko: ali ndi mitu 16 yokha, nkhani zake n'zazifupi, ndipo mukamawerenga mavesi 10 mpaka 15 patsiku mumaliza m'miyezi pafupifupi iwiri. Kenako Yohane, kenako Afilipi, mukusakaniza ndi salimo limodzi Loweruka ndi Lamlungu. Chichewa cha Buku Lopatulika la 1922 chikamakuvutani, gwiritsani ntchito Buku Loyera la 1998. Kumva n'kofunika kuposa kuzolowera.

Ndimeyo muyiwerenge kawiri, kachiwiriko motulutsa mawu pang'ono, chifukwa khutu limagwira zimene diso ladumpha. Ndiye dzifunseni: apa Mulungu akuoneka kuti ndi wotani? Ndi mawu ati andibaya kapena kundivuta? Lero ndichitepo chiyani? Yankho la funso lomalizali likhale chinthu chogwirika. "Ndikhala wachikondi" silithandiza. "Ndimuimbira foni mlamu wanga dzuwa lisanalowe" ndiye yankho. Lembani mizere iwiri kapena itatu pansi pa deti la tsikulo.

Popemphera, yambani ndi kuyankha zimene mwawerengazo, pakuti kucheza n'kuyankhana. Mukawerenga za Yesu akutontholetsa namondwe, muuzeni za chimene chikukusowetsani tulo. Polapa tchulani tchimolo ndi dzina lake, osangoti "zimene tachimwa podziwa ndi mosadziwa". Thokozani pa zinthu ziwiri zadzulo. Zopempha zibwere kumapeto, ndipo muzilembe kutsamba lomaliza la kope kuti kutha kwa mwezi muone zimene zayankhidwa. Mawu okuluwika a paguwa asiyeni. Lankhulani Chichewa chimene mumalankhula pakhomo.

Zosokoneza zoyamba n'zazing'ono. Tulo timabwera chifukwa chogwada m'mbali mwa bedi mutu uli pamatiresi, kapena chifukwa chogona mochedwa. Khalani pampando kapena pempherani mukuyendayenda, ndipo gonani msanga ndi theka la ola. Maganizo akathawira ku fizi kapena ngongole ya ku banki m'khonde, lembani nkhaniyo m'mphepete mwa kope n'kubwerera. Mukalimbana nawo amakula. Mukadumpha masiku atatu, musabweze ngongole ya mitu yotsalira. Pitirizani pamene munalekezera.

Chovuta kwenikweni ndi kuuma, pamene mukuwerenga ndi kupemphera koma osamva kanthu. Fufuzani zinthu zitatu. Choyamba ndi thupi: Eliya atafooka mpaka kupempha imfa, mngelo anayamba wamupatsa chakudya n'kumusiya agone (1 Mafumu 19). Chachiwiri ndi mkangano wosathetsedwa, umene Mateyu 5:23-24 akuti uyambe wakonzedwa mphatso isanaperekedwe paguwa. Chachitatu ndi chinthu chimene mukudziwa kuti muyenera kusiya koma mukuchizemba popemphera. Ngati zonsezi palibe, musadzipezere mlandu. Pempherani Masalimo 13 kapena 88 ngati mawu anuanu. La 88 limatha popanda chitonthozo chilichonse, komabe lili m'Baibulo. Nthawi musaichepetse, musaiwonjezerenso pofuna kukakamiza misozi. Koma kuumako kukabwera pamodzi ndi kusagona, kusafuna kudya ndi kutaya mtima kwa milungu yoposa iwiri, uzani abusa kapena ansembe, mupitenso kuchipatala.

Ofuna kusala ayambe ndi kudumpha chakudya chimodzi, nthawi yodyerayo n'kuipereka ku pemphero. Odwala shuga, amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, ndi onse amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku monga ma ARV asasale chakudya asanafunse adokotala, ndipo mankhwala asadumphe. Angathe kusala wailesi kapena foni.

Pezaninso munthu mmodzi wokhwima m'chikhulupiriro, wa kumlaga kapena kumphakati kwanu, mwamuna kwa mwamuna, mkazi kwa mkazi. Muzionana kamodzi pamlungu, aliyense atanyamula kope lake, n'kuuzana vesi limodzi limene lamugwira ndi chimene wachita nalo.